Makolo ndi aphunzitsi akumane pa mwana, osati pa njerwa zokha

M'sukulu zambiri za pulayimale m'dziko muno, kholo limaponda pabwalo la sukulu pa zifukwa zitatu: kukalembetsa mwana, kukagwira ntchito ya chitukuko, ndi kukayankha mlandu. Mwana akangotulukira pakhomo dzuwa lisanafike paliwombo n'kunena kuti, "Andibweza, akuti ndipite ndi makolo," mayi amadziwiratu kuti kumeneko kulibe zabwino. Mwina mwana wamenya mnzake, mwina wajomba masiku ambiri, mwina pali ndalama imene sinaperekedwe. Nawonso aphunzitsi akaona kholo likubwera nkhope ili ndwii, amayamba kukonza mawu odzitetezera. Anthu awiri olera mwana mmodzi amakumana ngati adani, ndipo kawirikawiri amakumana madzi atafika kale m'khosi.

Sikuti makolo a ku Malawi sakonda sukulu ayi. Midadada yambirimbiri yophunziriramo, nyumba za aphunzitsi ndi zimbudzi zidamangidwa ndi thukuta lawo. Chimene chikusowa ndi kukambirana za kuphunzira kwa mwana weniweniyo, pomutchula dzina, nthawi ikadalipo. Pa njerwa, mchenga ndi phala tagwirizana bwino. Koma funso loti, "Kodi mwanayu akutha kuwerenga?" talisiyira mphunzitsi yekha, ndipo mphunzitsiyo sadazolowere kuliyankha pamaso pa kholo.

Kumene ubalewu udachokera

Sukulu idabwera kuno ndi amishoni. A Livingstonia adayambira ku Cape Maclear mu 1875, a Blantyre Mission mu 1876, a Dutch Reformed ku Mvera mu 1889, ndipo Akatolika adakhazikika ku Nzama mu 1901 ndi ku Mua mu 1902. Mbusa John Chilembwe adatsegula mishoni yake ku Mbombwe m'boma la Chiradzulu mu 1900, nayenso n'kuyambitsa sukulu. Boma la atsamunda lidachedwa kulowererapo, pakuti nthambi yake yoona za maphunziro idakhazikitsidwa mu 1926. Kwa zaka zonsezo sukulu ya m'mudzi idali kanyumba kaudzu komangidwa ndi eni mudzi, kamene Lamulungu kankasanduka tchalitchi. Mphunzitsi ankakhala m'mudzi momwemo, ankalima, ankapita kumaliro, ankalalikira. Aliyense ankamudziwa, iyenso ankadziwa khomo la mwana aliyense.

Koma kukayikirana kudayambanso nthawi yomweyo. M'madera a Ayao, makolo ambiri achisilamu ankakana kutumiza ana kusukulu za mishoni poopa kuti akawatembenuza chipembedzo. M'chigawo chapakati amishoni ndi eni gule wamkulu adalimbana kwa zaka zambiri, uyu akukokera mwana kukalasi, uyo kudambwe. Kholo lidaphunzira kuti sukulu ili ndi eni ake, ndi kuti eni akewo amapeputsa za kumudzi. Maganizo amenewa sadathe ndi ufulu wa 1964. Mpaka lero agogo ena akafika pa ofesi ya ahedi amakhala pansi pakhonde kudikira kuitanidwa, ndipo akalowa amangovomera chilichonse chimene auzidwa.

Kusintha kwakukulu kudadza mu 1994, pamene boma la Bakili Muluzi lidathetsa fizi ya ku pulayimale. M'chaka chimodzi chokha chiwerengero cha ana chidakwera kuchoka pa 1.9 miliyoni kufika cha m'ma 3 miliyoni. Ana adadzaza pansi pa mitengo. Boma lidalemba aphunzitsi zikwizikwi amene adali asanapite kukoleji, n'kumawaphunzitsa ali kale pantchito kudzera m'ndondomeko ya MIITEP. Kwa ana a anthu osauka udali mwayi waukulu, ndipo ambiri amene ali pantchito lero sakadaona kalasi popanda ganizo limenelo. Komabe makolo ena adamva ngati zonse tsopano ndi za boma, kuyambira choko mpaka khalidwe la mwana. Mphunzitsi amene kale ankadziwa banja lililonse adapezeka ali ndi ana oposa 100 m'kalasi imodzi. Kenaka thumba la chitukuko la MASAF lidabwera ndi njira yoti anthu apereke njerwa, mchenga, miyala ndi madzi, thumbalo lipereke simenti ndi malata. Njirayi idamanga sukulu zochuluka, koma idakhomerezanso maganizo akuti gawo la kholo pasukulu ndi khasu, chikombole ndi ndowa basi.

Magulu amene alipo lero

Pasukulu iliyonse ya boma, kapena ya mpingo yomwe aphunzitsi ake amalipidwa ndi boma, payenera kukhala magulu atatu. Loyamba ndi komiti yoyendetsa sukulu, ya SMC, yosankhidwa ndi anthu a m'dera, momwenso mumakhala woimira eni sukulu. Komitiyi imayang'anira katundu, ndalama ndi chitukuko, ndipo ili ndi ufulu wofunsa ngati ana kapena aphunzitsi akujomba. Lachiwiri ndi PTA, bungwe la makolo ndi aphunzitsi. Ambiri amaganiza kuti PTA ndi anthu ochepa aja amene adapatsidwa mipando, pamene kwenikweni kholo lililonse ndi mphunzitsi aliyense ndi membala. Lachitatu ndi gulu la amayi, lodziwika kwa ambiri kuti Mother Group, lomwe limatsata atsikana, ana amasiye ndi ana ena ovutika. Pambali pa magulu amenewa pali mafumu, komanso mlangizi wa maphunziro wa m'zoni, aPEA, amene amayendera sukulu kuchokera ku likulu la zoniyo, ku TDC.

Mu 2004 Unduna wa Zamaphunziro udatulutsa ndondomeko yolimbikitsa anthu kutenga mbali pa kayendetsedwe ka sukulu za pulayimale. Cholinga chake chidali chomwechi: anthu asalekezere pa kuumba njerwa, koma akhale ndi mawu pa momwe sukulu ikuyendera. Kuyambira cha mu 2010 ndalama zotukulira sukulu za SIG zidayamba kulowa mwachindunji m'maakaunti a sukulu, ndipo dongosolo la kagwiritsidwe ntchito kake liyenera kulembedwa limodzi ndi anthu a m'dera. Lamulo la maphunziro la 2013 lidaonjezera kuti pulayimale ndi yokakamiza, kutanthauza kuti kutumiza mwana kusukulu si chifundo cha kholo koma udindo wake.

Papepala zonsezi zidakonzedwa bwino, koma pansi zimatengera anthu. Kwina komiti imakumana kawirikawiri, imalemba zokambirana zake, ndipo imapachika ndalama zolowa ndi zotuluka poti aliyense aone. Kwina imangoitanidwa kudzasayina mapepala amene ahedi akonza kale. Kwinanso wapampando wakhala zaka zosawerengeka chifukwa ndi mbale wa amfumu, ndipo mwana wake womaliza adachoka pasukulupo kalekale. Misonkhano ya PTA imadzaza ndi amayi ndi agogo, abambo ali ochepa, koma pogawa mipando ndi pogamula nkhani, mawu amene amamveka ndi a abambo ochepawo.

Zimene mgwirizano wabala kale

Ngakhale zili choncho, pali ntchito zimene makolo ndi aphunzitsi achita limodzi zoti tizinyadire. Yoyamba ndi phala. Bungwe la Mary's Meals lidayamba ntchito yake ku Malawi kuno mu 2002 ndi ana 200, ndipo lero limadyetsa ana oposa 1 miliyoni m'dziko muno, pambali pa amene amathandizidwa ndi boma ndi bungwe la WFP. Bungwe limabweretsa ufa, koma ophika ndi makolo ongodzipereka. Amadzuka m'mbandakucha, amatunga madzi, amasonkha moto, amavundula mapoto aakulu ndi mithiko yaitali mpaka mapewa kuwawa, ndipo belu likalira mzere wa ana onyamula makapu apulasitiki umakhala utafika kale. Aphunzitsi amalemba mndandanda wa midzi yophika ndi kusunga kiyi wa nyumba ya ufa. M'miyezi ya Januwale ndi Febuluwale, nkhokwe zitapita, kapu imeneyi ndiyo imatulutsa ana ambiri m'nyumba kupita kukalasi.

Yachiwiri ndi ya atsikana. Kuyambira mu 1993 boma limalola mtsikana amene adatenga pathupi kubwerera kusukulu akabereka. Koma chilolezo pachokha sichibweza mwana. Amene amayenda khomo ndi khomo kukanyengerera makolo, kupempha agogo kuti azitsala ndi khanda, ndi kulimbitsa mtima mtsikana amene akuopa kusekedwa, ndi amayi a Mother Group. Amayi omwewa amasoka mapadi ansalu, amalima dimba kuti agulire ana amasiye sopo ndi makope, ndipo amamva zinsinsi zimene mwana sangauze mphunzitsi wamwamuna. Lamulo la maukwati la 2015 ndi kusintha kwa malamulo aakulu a dziko mu 2017 zidakhazikitsa zaka 18 kukhala msinkhu wolowera m'banja. Ku Dedza, Inkosi Theresa Kachindamoto idatchuka pothetsa maukwati a ana mazanamazana ndi kuwabwezera kusukulu, ndipo idatha kutero chifukwa idali ndi makolo, amayi ndi aphunzitsi oidziwitsa zochitika m'midzi.

Yachitatu ndi ya miyambo. M'madera ambiri mafumu, anamkungwi, angaliba ndi aphunzitsi adagwirizana kuti zinamwali zizichitika pa tchuthi chachikulu, ana asaphonye masabata oyamba a teremu. M'midzi ina ya m'chigawo chapakati, gule wamkulu yemwe uja ankalimbana ndi amishoni amatuluka m'mawa kukusa ana ojomba ndi kuwaperekeza kusukulu. Zonsezi zikuonetsa kuti mudzi ukamva kuti sukulu ndi yake, umapeza njira zimene ofesi ya ku Lilongwe sikadaziganiza.

Pamene pakadali mpata

Ntchito zonsezi zimafikitsa mwana pakhomo la kalasi. Za m'kati mwa kalasimo ndiye sizikambidwa. Chikhalirecho vuto lalikulu la pulayimale yathu lili m'menemo. Ana ambiri amafika Sitandade 3 kapena 4 asakutha kuwerenga chiganizo cha Chichewa mosadodoma. Chaka chilichonse pafupifupi mwana mmodzi mwa anayi kapena asanu amabwereza kalasi. Wobwereza kawiri katatu amakula msinkhu, amachita manyazi kukhala pansi ndi tiana, ndipo mapeto ake amasiyira sukulu panjira asanaone mayeso a PSLCE a Sitandade 8. Pofuna kuthana ndi zimenezi boma lidayambitsa ndondomeko ya dziko lonse yophunzitsa kuwerenga mu 2016, kuyambira Sitandade 1, ndi mabuku atsopano ndi maphunziro a aphunzitsi. Koma mwana wamng'ono amakhala kusukulu m'mawa mokha. Masana, madzulo, Loweruka, Lamulungu ndi tchuthi chonse ali m'manja mwa akumudzi.

Nanga kholo limamva liti za kuphunzira kwa mwana wake? Kawirikawiri ndi tsiku lotsekera sukulu. Ana amakhala pansi pa mtengo, mphunzitsi amawerenga mayina kuyambira nambala wani, nthungululu zimalira, ndipo amene mayina awo sanamveke amabwerera kwawo akulira. Kholo limauzidwa mawu amodzi okha, "wakhoza" kapena "walephera". Silikudziwa ngati mwana akulephera kusiyanitsa b ndi d, ngati akusokonezeka pobwereka pa masamu ochotsera, kapena ngati sakuona bwino pabolodi. Limangomukalipira kuti ndi waulesi, kapena kutukwana aphunzitsi kuti saphunzitsa. Miyezi itatu imene vutolo likadakonzedwa yapita.

M'mera mpoyamba. Mwana amene wasochera pa malembo mu teremu yoyamba ya Sitandade 1 angathandizike ndi mphindi zochepa tsiku lililonse. Yemweyo akafika Sitandade 5, pamene maphunziro ambiri ali m'Chingerezi chokhachokha, amangokopera za pabolodi osamva kanthu. Choncho nthawi yofunika kwambiri kuti kholo ndi mphunzitsi adziwane ndi ya makalasi aang'ono, koma ndi nthawi imenenso makolo ambiri amati mwana akungosewera, za sukulu zenizeni zidzayamba akadzayandikira mayeso.

Kholo losadziwa kuwerenga

Ena amati kukamba zimenezi n'kulota, popeza makolo ambiri sadapite kusukulu. Zoonadi, kalembera wa 2018 adapeza kuti pafupifupi anthu atatu mwa khumi alionse a zaka zisanu kupita m'tsogolo sadziwa kulemba ndi kuwerenga. Ndiponso wolera mwana si nthawi zonse mayi ndi bambo ake. Nthawi zina ndi agogo, chifukwa makolo adamwalira kapena ali ku Joni. Nthawi zina ndi mlongo wake wamkulu, kapena amalume, eni mbumba, amene m'mabanja achikamwini mawu awo ndi olemera pa za tsogolo la mwana. Sukulu imene imaumirira kuti "abwere bambo ake enieni" imatseka khomo kwa munthu amene amagona ndi kudzuka ndi mwanayo.

Koma kuthandiza mwana si kumulembera ntchito ya kunyumba. Taganizani agogo atakhala pamphasa madzulo akusola nandolo, dzuwa lisanalowe. Aitana mdzukulu: "Bwera ndi kope lako, undionetse za lero." Sangawerenge, koma akuona ngati tsamba la lero lalembedwa kapena lili mbee, ngati muli zochonga zofiira za aphunzitsi, ngati kopelo lang'ambidwa kupangira ndege. "Tandiwerengera apa." Mwana akuyamba, akudodoma, akubwereza. Agogo sadziwa malembo koma Chichewa amachidziwa, ndipo mawu akatuluka opindika amamva. "Iyayi, palibe mawu otero. Tayambiranso." Kenaka akumufunsa kuti nkhaniyo ikuti chiyani, ndipo mwana akufotokoza ndi mawu ake. Pamenepo phunziro lachitika, lopanda choko, lopanda nyali.

Zina n'zosavuta kuposa pamenepa. Kumuwerengetsa mbewu za chimanga kapena chenji cha kumsika. Kumuuza nthano n'kumupempha kuti mawa aibwereze. Kumumasula ku ntchito zapakhomo kwa kanthawi kukadali kowala, makamaka mtsikana, amene amachoka kusukulu n'kulowa kumjigo, kunkhuni ndi kumphika pamene mlongo wake ali pabwalo la mpira. Kusamutuma kumsika, kuganyu, kunyanja kapena kukasoka fodya pa tsiku la sukulu. Kudziwa dzina la mphunzitsi wake. Mwana akaona kuti kwawo amafunsa, amayamba kusamala kope lake, chifukwa akudziwa kuti madzulo lionedwa.

Zimene zimadanitsa

Choyamba ndi ndalama. Kwa zaka zambiri sukulu zakhala zikusonkhetsa makolo ndalama za chitukuko, za mlonda, za mphunzitsi wothandizira kapena zosindikizira mayeso, chifukwa ndalama za boma zimachepa ndiponso zimachedwa. Unduna wakhala ukubwereza kuti mwana asabwezedwe chifukwa cha zopereka zotere kapena yunifolomu, komabe ana abwezedwa, ndipo ena amanidwa sukulu lipoti. Mwana amalangidwa pa ngongole imene si yake. Mbali inayi, makolo akafunsa kuti ndalama za chaka chatha zidagwira ntchito yanji, amayankhidwa mwachidule kapena kuonedwa ngati oukira. Mankhwala ake ndi odziwika: msungichuma aime pamsonkhano, awerenge zolowa ndi zotuluka m'chilankhulo cha anthu, malisiti ali m'manja, ndipo pepalalo likhomedwe pakhoma. Kumene amachita zimenezi, anthu sasowa kukakamizidwa kusonkha.

Chachiwiri ndi chilango. Unduna udaletsa kukwapula ana m'sukulu, koma makolo agawanika. Ena amafika n'kunena kuti, "Aphunzitsi, ameneyu muzimukwapula, kunyumba watikanika." Ena mwana akangopatsidwa chibalo cha kusesa, amabwera kudzalalatira mphunzitsi ana onse akuona. Onsewa amamuononga mwana. Woyamba akupempha mphunzitsi kuphwanya lamulo, wachiwiri akuphunzitsa mwana kuti mphunzitsi ndi munthu wosafunika kumumvera. Nayenso mphunzitsi amene amakumbitsa mwana dzenje anzake akuphunzira, kapena kumutuma kukatunga madzi a kunyumba kwake, akudzichotsera yekha ulemu. Malamulo a sukulu ndi zilango zake ayenera kukambidwa ndi kuvomerezedwa pamsonkhano wa makolo chaka chikamayamba, kuti pasakhale wodabwa.

Pali mlandu umodzi umene suyenera kuthera pa kugwirizana: mphunzitsi, wachibale kapena wina aliyense akagwirira kapena kunyengerera mwana. Nkhani yotere si ya mbuzi kapena chindapusa kwa amfumu, si yongosamutsa mphunzitsi kupita kusukulu ina. Ndi ya apolisi, achipatala ndi a ofesi yosamalira anthu, ndipo nambala yaulere ya 116 ilipo yoti aliyense aimbe. Komiti imene imabisa zotere pofuna kuteteza mbiri ya sukulu yapereka mwana nsembe.

Chachitatu ndi kujomba, kumene mbali zonse zimalozana chala. Aphunzitsi amadandaula kuti tsiku la msika, nthawi yodzala ndi yokolola, theka la kalasi kulibe. Makolo amadandaula kuti aphunzitsi amafika mochedwa, amapita kuboma kukatenga malipiro n'kukhalako masiku, kapena amasunga mphamvu zawo kudikira ana a patitayimu olipira. Zonsezi zimachitika ndithu. Koma makolo ayeneranso kudziwa moyo wa mphunzitsi. Boma limafuna kuti mphunzitsi mmodzi akhale ndi ana 60, pamene m'makalasi aang'ono ambiri chiwerengerocho chimapitirira kutali. Ambiri alibe nyumba pasukulu, amapalasa njinga mtunda wautali, ndipo ena adatumizidwa kudera la chilankhulo chimene sachidziwa. Mudzi umene umalandira mphunzitsi watsopano, kumupezera nyumba, kumubwereka kamunda ndi kumuyendera akadwala, umamusunga. Umene umamuona ngati mlendo wodzadya ndalama za boma, umamuona akupempha kusamuka chaka chisanathe.

Chachinayi ndi kalankhulidwe. Msonkhano umene ahedi amalankhula okha kwa maola awiri, akusakaniza Chingerezi, makolo ali padzuwa, si kukambirana. Mphunzitsi amene amauza mayi pagulu kuti, "Mwana wanuyu ndi mbuli," watseka pakamwa pa mayiyo mpaka kalekale. M'tauni, makamaka m'sukulu zoyima pazokha, vuto limatembenuka: kholo lolipira fizi limaona mphunzitsi ngati wantchito wake, ndipo gulu la WhatsApp la kalasi limasanduka bwalo lonyozerapo aphunzitsi usiku. Foni ndi yabwino potumiza uthenga, koma nkhani ya mwana mmodzi imafuna kuonana maso ndi maso.

Zimene sukulu ingachite popanda ndalama

Poti kholo ndilo limaopa sukulu, woyamba kutambasula dzanja akhale mphunzitsi. Mphunzitsi wa ana 100 sangayendere khomo lililonse, koma pofika pakati pa teremu amadziwa ana khumi kapena khumi ndi asanu amene akutsalira kwambiri. Amenewo ndiwo makolo awo aitanidwe, ndipo uthenga unene poyera kuti palibe mlandu. Kukambiranako kungatenge mphindi zochepa. "Mayi, zikomo kuti mwabwera. Mwanayu ndi waulemu, ndipo masamu akuyesetsa. Pamene akuvutika ndi pophatikiza malembo. Taonani apa." Mayi angayankhe zimene mphunzitsi sakadazidziwa: "Aphunzitsi, khutu lakumanzereli limatuluka mafinya kuyambira ali wakhanda, mwina sakumva bwino." Mawa lake mwana wakhazikidwa kutsogolo, ndipo mayi wapita naye kuchipatala. Ana ambiri amene timawatcha ogona m'kalasi ali ndi njala, malungo, vuto la maso kapena chisoni cha maliro, ndipo amene akudziwa zimenezi ndi wakunyumba.

Msonkhano wa kalasi imodzi umapindula kuposa wa sukulu yonse. Makolo a Sitandade 2 okha akakhala m'kalasi ya ana awo, n'kuona mabuku, n'kumva ana akuwerenga, amachoka akudziwa chimene mwana wa msinkhu umenewo ayenera kutha. Nthawi yake isankhidwe moganizira anthu: osati tsiku la msika, osati m'mawa wa nthawi yopalira. Kaundula wa ojomba asamathere m'kabati ya ahedi. Mwana akasowa masiku atatu otsatizana, dzina lake lifike kwa Mother Group kapena kwa nyakwawa sabata yomweyo. Sukulu ilole ana kupita ndi mabuku kunyumba, makolo alonjeze kuwakutira ndi kuwasunga pouma, pakuti buku lotsekeredwa m'bokosi poopa kung'ambika siliphunzitsa aliyense. Makoleji ophunzitsa aphunzitsi nawonso aphunzitse luso lolankhula ndi makolo monga amaphunzitsira kukonzekera phunziro. Ndipo uthenga wopita kunyumba usamakhale woipa wokhawokha: kakalata konena kuti mwana wayamba kuwerenga kamakondweretsa banja lonse.

Chaka cha 2020 chidatiphunzitsa mowawa kufunika kwa zonsezi. Sukulu zidatsekedwa pa 23 Malichi chifukwa cha Covid-19, ndipo zidayamba kutsegulidwa pang'onopang'ono mu Seputembala. Maphunziro ankaulutsidwa pa wailesi, koma wailesi siyikhazika mwana pansi, amatero ndi munthu wamkulu wapakhomo. M'miyezi imeneyo atsikana zikwizikwi adatenga pathupi kapena kukwatiwa, ndipo anyamata ambiri adalowa m'maganyu osabwereranso. Kumene aphunzitsi, amayi ndi mafumu ankadziwana kale, adatha kutsata ana mmodzimmodzi ndi kuwabweza. Kumene ubale udali wa zopereka zokha, mayina adangofufutidwa m'kaundula.

Boma lili ndi ngongole yake yosatsutsika: kumanga makalasi, kulemba aphunzitsi okwanira, kuwalipira pa nthawi yake ndi kutumiza mabuku. Makolo ndi aphunzitsi ayenera kufunsa zimenezi ndi mawu amodzi, m'malo momalimbana okhaokha pa umphawi umene sadaupange. Koma mwana amene ali mu Sitandade 1 chaka chino sangadikire kuti zonsezo zikwanire. Pamsonkhano wa PTA ukubwerawu, nkhani ya chimbudzi ndi mpanda ikatha, wina aimirire afunse kuti mwa ana a Sitandade 2 ndi angati akutha kuwerenga, ndi kuti otsalawo tiwathandiza bwanji teremu ino. Ahedi asalione funsolo ngati chipongwe, ayankhe ndi chiwerengero chenicheni. Ndipo kholo lililonse, lophunzira ndi losaphunzira lomwe, lipite kukaonana ndi mphunzitsi wa mwana wake kamodzi pa teremu lisanaitanidwe.